Ankolo Chimwaza, Makoswe ndi Dzanja la Anti

Loweruka lapitali tinasonkhana ku South Bend, kunyumba kwa Anti Nabanda, kukumbukira kuti patha chaka chimwalirireni amuna awo, Ankolo Chimwaza. Anthu anayankhula zabwino zokhazokha, monga timachitira pa zoterezi. Mkulu wina wa mpingo anati malemuwo anali munthu wofatsa. Ine ndinangoyang'ana pansi. Munthu amene ndinagwira naye ntchito zaka zinayi ku Indianapolis sanali wofatsa ayi. Anali wodekha, koma kudekha ndi kufatsa n'zosiyana. Tsiku lina anandikalipira m'mbali mwa msewu, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pamalopo ndimazimitsa wailesi ya m'galimoto.

Kumudzi anali mlangizi wa ziweto ku Dowa. Zaka zambiri anazithera ku dibi, kusambitsa ng'ombe za anthu ndi kukangana ndi eni ake. Atabwera kuno kutsidya kwa nyanja anapeza ntchito yosamalira nyama za kafukufuku mu labu ina ya za ubongo, momwemo ine ndinadzalowa ngati wophunzira. Ndi iwo amene anakandilandira pabwalo la ndege, n'kundiveka jekete ya mwana wawo Chisomo chifukwa yanga inali yoseketsa. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawatchula Ankolo, iwo n'kumanditchula “iwe Tadala”, ngati mwana wa m'nyumba.

Amalawi anzathu ankawatcha dokotala wa makoswe. Pamacheza sipankalephera wina wofunsa kuti, “Ankolo, za pampani zija mwatibweretsera zingati?” Ena ankaseka mpaka misozi, koma iwo ayi. Ankanena kuti makoswe amenewa akusenza matenda a anthu oti sadzawathokoza n'komwe, choncho amene alibe chowachitira angotseka pakamwa. Ulendo wina pa phwando la ubatizo anasiya mbale yodzaza patebulo n'kupita kukakhala m'galimoto, chifukwa nthabwalayo inabwerezedwa kachitatu.

Ku labu anali ndi malamulo awo osalembedwa. Mafuta onunkhira, ayi. Sabata yanga yoyamba anandibweza pakhomo kuti ndikasambe m'manja ndi m'khosi, ati ndikununkhira ngati shopu ya pa Lafayette Road. Kumenyetsa chitseko, ayi. Pa nkhani imeneyi anakanganapo ngakhale ndi a Pulofesa, mayi wachizungu yemwe anali mwini labuyo, ndipo anapepesa ndi a Pulofesawo. Asanagwire khoswe ankayamba atenthetsa manja awo m'madzi ofunda. Akatero ankatsegula khola n'kunena motsitsa mawu kuti, “Bwerani kuno achimwene, ntchito yayamba.” Khoswe woti ine wandiluma dzulo lake ankakwera yekha pachikhatho chawo. Ndikafunsa chinsinsi ankati palibe, kungoti nyama imamva changu cha munthu kudzera m'zala, ndiye ine zala zanga zinkakhala zili kale ku lanchi.

Ntchito yathu inali yotere. Makoswe ankawagonetsa ndi mankhwala n'kuwachititsa sitiroko yaying'ono, yofooketsa mwendo umodzi wakutsogolo. Akachira bala, tinkayesa ngati mphamvu ya maginito ingathandize mwendowo kubwerera. Njirayi amaitcha TMS. Pali kachipangizo ka waya wokulungakulunga, timati koyilo, kamene umakagunditsa pamutu. Makina akalira kuti tha! tha! tha!, mphamvu ya maginito imadutsa chigaza popanda kung'amba paliponse n'kukagwedeza ubongo. Makoswe tinawagawa pawiri. Ena ankalandira koyilo yeniyeni. Ena ankalandira yabodza, yongolira phokoso lomwelo koma yopanda mphamvu, kuti tikaona kusintha tidziwe kuti wachita ndi maginito osati china. Pamapeto khoswe aliyense ankapisa mwendo wofookawo pakampata kuti atole timibulu ta shuga, ine n'kumawerenga pa vidiyo kuti watola kangati. Wogwira khoswe, atamukulunga m'kathawulo, ndi kumuika koyilo pamutu anali Ankolo. Palibe wina akanatha kukhazika khoswe wamaso phee pansi pa phokoso limene lija.

Kuti mumvetse chifukwa chake ntchitoyi ankaitenga ngati pemphero, muyenera kudziwa za Anti. Anti Nabanda ankasamalira okalamba ku South Bend. Ine ndisanabwere, tsiku lina anagwa kukhitchini: sitiroko. Mawu anabwerera, kuyenda kunabwerera ndi ndodo, koma dzanja lamanzere linakana. Zala zinkangofuna kufumbata. M'kati mwa sabata Ankolo ankagona m'kachipinda kalendi kufupi ndi Lafayette Square, Anti n'kumakhala ndi Chisomo, yemwe ndi nesi. Lachisanu lililonse ikakwana wani koloko ankavula yunifomu, kudzera pashopu kugula nsomba zouma, n'kuyendetsa maola awiri ndi theka kupita kumpoto. Akafika, jekete isanavulidwe, ankatenthetsa madzi, kukhala pakampando kumanzere kwa Anti, n'kuyamba kuthowa dzanjalo ndi kansalu. Kenako vaselini, n'kumasisita chala chimodzichimodzi mpaka chitambasuke. Kampandoko anachita kukadula miyendo ndi sowo kuti dzanja la Anti lizifika bwino pabondo pawo. Anthu akawafunsa kuti bwanji osangopeza ntchito ku South Bend komweko, ankati akasiya makoswe aja ndiye kuti asiya dzanja la mkazi wawo.

Tsopano ndinene changa chimene ndinalakwa.

Koyilo ya makoswe ndi yaying'ono ndipo imatentha msanga. Pamalangizo a ntchito, amene ndinalemba ineyo, ndinati koyilo ikatentha muzipuma mphindi zitatu kuti izizire. Sindinaganize kuti yabodza ija satentha, ndiye gulu lake silipuma. Ine sindinkaloledwa kulowa m'chipinda cha makinacho, kuopa kuti ndingadziwe khoswe uti ali gulu liti n'kumakondera powerenga. Koma m'mawa wina wa Febuluwale ndinadutsa pakhomo pake n'kusuzumira pakagalasi ka pachitseko. Makina anali chete, koyilo ili pambali kuzizira. Ankolo anali atatulutsa kamwendo kofooka ka khoswe m'kathawulo, akukasisita ndi chala chachikulu, kuchokera paphewa kutsika, n'kumatambasula tizala take kamodzikamodzi. Milomo yawo inkayenda, akuimba nyimbo ya kutchalitchi chamumtima.

Gulu la maginito linkasisitidwa kangapo patsiku, tsiku ndi tsiku. Gulu linalo ayi. Makoswe a maginito akachira msanga, ndani akanadziwa ngati wachiza ndi maginito kapena chala cha Ankolo?

Chofunika chinali kugogoda pachitseko pomwepo. Sindinagogode. Ndinaleredwa kuti mwana sauza munthu wamkulu kuti apa mwalakwa, makamaka amene anakuveka jekete uli mlendo. Ndiye ndinachita zachikwathu, kuzungulira. Pa lanchi ndinafunsa kuti, “Ankolo, nthawi yopuma ija mumatani?” Iwo anati, “Ndimadikira.” Sananame; kwa iwo kusisita kunali kudikira kumene. Ndinasindikizanso malangizo aja, kudula mzere pansi pa mawu oti khoswe asagwidwe mwanjira ina iliyonse, n'kuwasiya patebulo lawo. Anaikapo kapu ya tiyi. Ndinadziuza kuti ndayesetsa. Koma ndinenenso zoona zonse: zotsatira zitayamba kutuluka zinali zokongola kwambiri, ndipo ndinazikonda. Ulemu unandipatsa pobisala.

Makoswe a maginito ankatola shuga ngati sanadwalepo. A Pulofesa ankayenda mothamanga m'makhonde. Ankolo anaimirira kutchalitchi ku South Bend n'kupereka umboni kuti Mulungu watsegula njira, posachedwapa manja ofa adzuka. Pofika Sepitembala pepa lathu la zotsatira linali lokonzeka, loti litumizidwe ku magazini ya asayansi Lolemba.

Lachisanu lake Ankolo anandipeza ndikutseka kompyuta.

“Tenga chikwama, tipitire limodzi ku South Bend,” anatero. “Ukawaekisipulenere anti ako zimene tapeza. Ine ndikamawauza amati ndikungowasangalatsa. Iwe ndiwe wasukulu, akakukhulupirira. Sabata yamawa ndikufuna tikaonane ndi dokotala wawo, awabukitse za maginitozi.”

Ndinakwera. Ola lathunthu ankayankhula okha, ine ndikungoti eya, eya. Ndinkaona nkhope ya Anti m'maganizo, ndi dzanja lija lili pamiyendo, ine ndikuwauza m'Chichewa chomveka bwino chinthu chimene sindinkachikhulupirira. Kunamiza magazini ya asayansi ndinali nditatsala pang'ono kukwanitsa. Kunamiza Anti kunandikanika. Titangodutsa tauni ya Kokomo, chimanga chouma chili mbali zonse, pakamwa panatseguka pokha.

“Ankolo, pali nkhani.”

“Nena.”

“Koyilo ikamazizira, mumawasisita mwendo makoswe aja.”

“Eya. Nanga ndizingomuyang'ana? Amakhala akunjenjemera.”

“A koyilo yabodza simuwasisita.”

“Aja sapuma. Ndiwasisita nthawi yanji, poti—”

Sanamalize. Ndinaona chala chawo chikusiya kugogoda pachiwongolero. Munthu uja sanapite kuyunivesite, koma anagawapo ng'ombe m'magulu poyesa mankhwala a nkhupakupa, ndipo sanafune kuti ndimufotokozere china. Anayatsa indiketa n'kuimika galimoto m'mbali mwa msewu. Malole ankadutsa n'kumatigwedeza.

“Unaona liti?”

“Febuluwale.”

Anawerenga pazala, pang'onopang'ono, mpaka zisanu ndi ziwiri.

“Miyezi seveni. Miyezi seveni ukundipatsa moni m'mawa uliwonse, ‘Mwadzuka bwanji Ankolo,’ uku ukundionerera ndikuononga ntchito?”

“Ndimaopa kukuchitani mwano.”

“Mwano!” Anamenya chiwongolero mpaka hutala inalira. “Ukanandiuza tsiku lomwelo ndikanakwiya mpaka lanchi, basi, nkhani yatha. Wakutsina khutu ndi mnansi, sunamvepo? Makoswe onse aja tinawadwalitsa dala. Dala! Tinawalonjeza kuti kuvutika kwawo kuphunzitsa anthu kanthu. Ulemu wakowo wawaphera chabe. Ine ndinakaima pamaso pa mpingo. Ndinawauza anti ako kuti apirire pang'ono, thandizo lili panjira. Iwe uli phee, ukundilemekeza!”

Ndinalira, koma sanandisamale. Anayang'ana chimangacho, akupuma ngati akwera phiri. Kenako anatulutsa foni.

“Anabanda, ndichedwa lero. Ayi, galimoto ili bwino. Mumuuze Chisomo atenthetse madzi, ndikupezani.”

Chigwereni Anti, Ankolo anali asanachedwepo Lachisanu. Anatembenuza galimoto kubwerera ku Indianapolis. Ndinayesa kunena kuti nkhaniyi ikhoza kudikira Lolemba m'mawa. Anati yadikira kale mokwanira.

A Pulofesa tinawapeza akuvala jekete kuti aziweruka. Ankolo anavula kapusi n'kuima chilili, ngakhale anapatsidwa mpando. M'Chingerezi chawo chosathamanga anafotokoza zonse: mphindi zitatu, kamwendo, gulu limodzi lokha. Sanatchule za Anti, sanapemphe chifundo. Nkhope ya a Pulofesa inafiira, kenako inayera. Anakhala pansi, jekete ili dzanja limodzi. Kenako anafunsa ngati panali wina amene ankadziwa.

Mumtima ndinkayembekezera kuti Ankolo andiphimba, monga amachitira makolo. Iwo anangotembenuka n'kundiyang'ana, n'kudikira, mmene ankadikirira khoswe kuti atuluke yekha m'khola. Ndinanena kuti ndinkadziwa, kuyambira Febuluwale.

Pepa lija silinatumizidwe. Nkhani inapita ku komiti yoona za nyama, popeza kugwira khoswe mosiyana ndi malangizo ndi mlandu ngakhale utamugwira mwachikondi. Ine ndinataya chaka ndipo ndinatsala pang'ono kuchotsedwa. Ankolo analetsedwa kugwira nyama kwa milungu ingapo, n'kuikidwa kotsuka makola. Kenako anawaphunzitsanso kagwiridwe ka khoswe, mphunzitsi wake mtsikana wamsinkhu wa Chisomo amene ankagwira khoswe ngati mbatata yamoto. Ndinkaganiza kuti asiya ntchito. Iwo anapita ndi kope ndi cholembera, n'kumafunsa mafunso. Munthu wina atawadandaulira anangoti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Chimene anthu a ku South Bend sanachitchule Loweruka lija, ngakhale onse akuchikumbukira, ndi Lamulungu lotsatira Lachisanu la ku Kokomo lija. Nthawi ya maumboni Ankolo anaimiriranso. Anati umboni umene anapereka uja akuubweza, chifukwa zimene ananena sizinadziwike, ndipo amene anasokoneza ndi iwo. Anapempha kuti aliyense amene anauzako m'bale wake wodwala akamuuzenso zimenezi. Abusa anangoyambitsa korasi. Anti anali pampando wakutsogolo, maso ali patsogolo; anali atauzidwa kale Lachisanu lomwe lija, dzanja lili pabondo la amuna awo.

Ine chilango changa chinali china. Kwa mwezi wathunthu ankanditchula “inu”. “Mwamaliza mavidiyo, a Tadala?” Mawu aulemu amenewo ankandilasa kuposa kukalipa kwa pamsewu kuja. Tsiku limene anati, “Iwe, wadzolanso zonunkhira zako zija?” ndinakalira kubafa chifukwa cha chimwemwe.

Tinayambiranso ndi makoswe ena. Ulendo uno magulu onse ankapuma mofanana, wotchi ili patebulo, ndipo pa mphindi zitatuzo khoswe ankangokhala m'kathawulo osakhudzidwa mwendo. Ankolo ankadana nazo mphindi zimenezo. Ankati ndi zazitali kuposa msewu wa ku South Bend. Koma sanaphonye ngakhale kamodzi, ndipo anapempha okha kuti m'chipindamo muikidwe kamera. Zotsatira zitayamba kubwera, kusiyana kwa magulu awiri aja kunali kochepa kwambiri. Mwina maginito amathandiza pang'ono, mwina ayi. Mpaka pano tikufufuzabe. Ndinaona mmene anayang'anira pepala la zotsatirazo, ndipo ndinafuna kuwatonthoza.

“Ndiye kuti anachiza oyamba aja ndi manja anu, Ankolo.”

“Wayambanso,” anatero mokalipa. “Unatesita? Usandinamize kawiri. Choyamba unandinamiza ndi chete, pano ukufuna undinamize ndi mawu okoma. Sitikudziwa. Ukufuna kudziwa, lemba, tipemphe gulu lachitatu, losisita lokhalokha.”

Ndinalemba, a Pulofesa anavomera, pempho linapita ku komiti. Mu Januwale, Loweruka m'mawa, Ankolo anatuluka kukachotsa chipale chofewa pakhomo kuti Anti adutse bwino popita kuchipatala Lolemba. Chisomo anawapeza atakhala pamasitepe, fosholo ili pamiyendo. Mtima unali utaima. Chilolezo cha gulu lachitatu chinafika patatha milungu itatu titawaika m'manda. Chili mu dilowa yanga. Palibe amene akudziwa mmene ankasisitira, mphamvu yake, liwiro lake, poyambira pake. Zimenezo kamera sinajambule, ndipo ine ndinangoona kamodzi, pakagalasi, ndikuthawa.

Loweruka lapitali, la chikumbutso lija, nyumba inadzaza. Anthu anakhala pamikono ya masofa, ena pamasitepe, achinyamata pansi pakapeti. Koma kampando kodulidwa miyendo kaja, kumanzere kwa Anti, kanali kopanda munthu. Mayi wina atafuna kukhalapo mnzake anamukoka chitenje n'kumunong'oneza kuti m'pa malemu. Pansi pake panali botolo la vaselini, chivindikiro chili ndi fumbi. Ndinayang'ana dzanja la Anti. Linali litafumbata gwa, zikhadabo zikulowa m'chikhatho. Chaka chapitacho zala zitatu zinkatambasuka.

Ndinafunsa Chisomo kukhitchini. Anandiyankha m'Chingerezi, maso ali mu sinki, kuti amawatengera kufizo, kokawongoletsa dzanja, kawiri pamwezi, koma pampando wa adadi sangathe kukhalapo, ndipo amami sanamupemphepo. Azimayi a mpingo nawo amabwera, amaphika, amapemphera, koma onse amaulambalala mpandowo. Aliyense akupereka ulemu.

Anthu atayamba kubalalika ndinaima pakhomo, makiyi ali m'manja. Ndinkadziuza kuti si malo anga, ndine mwana, Anti angaone ngati mwano. Mawu omwe aja, ndinawazindikira. Ndinabweza makiyi m'chikwama, kukatenthetsa madzi, n'kubwera ndi kansalu.

“Anti, dzanjali lafumbata kwambiri. Ndikhale apa?”

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kampandoko.

“Chaka chonse ndimadikira kuti wina afunse,” anatero.

Kampandoko n'kakafupi kuposa mmene kamaonekera. Mawondo anga anafika pachifuwa. Ndinathowa, ndinadzoza vaselini, n'kugwira chala chachikulu.

“Ayi, ankayamba ndi chaching'ono. Kuchokera kuno, kutsika. Ukufulumira, mwana iwe. Zala zako zili kale pamsewu.”

Tinatha ola. Chala chimodzi chokha chinavomera, ndipo mwina n'kutentha kwa madzi chabe. Ankolo akanandiletsa kunena zoposa pamenepo. Ndinalonjeza kubweranso Lachisanu, ndi kope, kuti Anti andiphunzitse bwinobwino ndilembe.

Potuluka ndinacheuka. Anti anali atabweza dzanja pamiyendo pawo, litayambanso kudzipinda. Kumanzere kwawo kampando kaja kanali pamalo pake, miyendo inayi yodulidwa mosalingana pang'ono, umodzi atauika kakatoni pansi kuti usagwedere. Pakapeti kutsogolo kwake pali malo awiri operepeseka, pamene zidendene za Ankolo zinkaponda Lachisanu lililonse. Zanga sizinafikepo.